Chakhumi changa chingaphimbe chigoba chobenda?

FUNSO: Azakhali, ndimagulitsa mpunga wa Kilombero mumsika waukulu wa Mzuzu, ndipo ndimakaoda ku Karonga. Ndili ndi zigoba ziwiri: chachikulu chooderako, ndi china chomwe ndinachimenya kunsi kuti chizilowa wochepa, chogulitsira. Pamzere wathu ambiri amatero. Koma chakhumi sindiphonya, ndili mu Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, odwala ndimawayendera. Kodi Mulungu sangaone zabwinozi n'kundikhululukira kachigobako? Ndikasiya, fizi ya ana anga awiri ichokera kuti? Ndine mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa simunabise kanthu. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ndaona kuti mtima wanu wayamba kale kukutsutsani. Munthu amene chikumbumtima chake chinafa salemba kalata yotere.

Tsegulani 1 Samueli 15. Mulungu anatuma Mfumu Sauli kukawononga zonse za Aamaleki. Nkhondo anapitadi, ndipo anapambana. Koma anasunga mfumu yawo Agagi, pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonenepa. Samueli atafika, Sauli anamulonjera monyadira kuti wachita zimene Yehova analamula. Mneneriyo anangomufunsa kuti nanga kulira kwa nkhosa kumene akumvako n'kwa chiyani. Sauli anati zowetazo anazisungira nsembe. Taonani, anafuna kupatsa Mulungu chinthu chimene Mulungu yemweyo anamuletsa kutenga! Pa vesi 22 m'pamene Samueli akuti kumvera kumaposa nsembe, ndipo ufumu unamuchokera Sauli pa nkhani imeneyi.

Chigoba chanu chobendacho ndiyo nkhosa imene ikulira. Mbali ina ya chakhumi chimene mumaponya m'mbale Lamulungu ndi mpunga wa mayi wa ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa amene analipira chigoba chodzaza, n'kupita kwawo ndi choperewera. Deuteronomo 25:13-15 sizungulira: musakhale ndi miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Zili ngati wolembayo anadutsa pabenchi panu.

Za fizizo sindikuzipeputsa. Ine ndinalera ana anayi ndi geni ya nyemba ndi ufa, bambo awo atamwalira. Ndinali ndi mbale ya pansi pokwera, ndipo ndinkadziuza kuti amasiye Mulungu amawamvetsa. Tsiku lina kunali kamvula kaja ka ku Mzuzu kosaleka msanga, panabwera agogo ena atanyowa, n'kumasula ndalama pamfundo ya chitenje. Nditawapimira anandidalitsa, amvekere Mulungu akuwonjezere mwana wanga. Usiku umenewo pemphero linandikanika. M'mawa mbale ija ndinaitaya m'dzala.

Sindikunamizani kuti ndinalemera. Miyezi yoyamba phindu linatsika, nyama inasowa pakhomo, ndipo anzanga ankandiseka kuti ndikudziyesa mngelo. Makasitomala ena anadzazolowera kubwera kwa ine, koma zimenezo musaziwerengere ngati malipiro. Mwina kwa inu sizidzachitika msanga. Timamvera chifukwa Iye ndi Ambuye, osati chifukwa tapangana naye za phindu.

Chitani izi sabata ino. Khalani pansi ndi kope, muwerengere mtengo wooda, thiransipoti yochokera ku Karonga, chiphaso cha mumsika ndi mpunga wotayika popeta. Ngati phindu silikukwana, kwezani mtengo poyera, wogula aziona yekha n'kusankha. Mtengo wokwera si tchimo, koma muyeso wonama.

Nanga amene munawabera kale? Zakeyu pa Luka 19:8 analonjeza kubweza kanayi. Inu simungawapeze onse, koma amene mumawadziwa nkhope muziwaikira basera yooneka, ndipo amene mungalimbe mtima kuwauza, auzeni. Uzaninso mayi mmodzi wa mu Umanyano amene mumamukhulupirira, kuti azikufunsani mwezi ukamatha, nthawi imene fizi imaluma kwambiri. Chigoba chobendacho musachisunge pansi pa benchi kuti mwina mawa. Chiboolereni kunsi, mudzalemo tomato.