Musanathire konkire ya sitolo yanu ku Santhe

Bambo, mwafunsa ngati kuli koyenera kubwereka makina osakanizira konkire pothira silabu ya pansi pa sitolo yanu ku Santhe mwezi uno wa Okutobala, kapena anyamata angosakaniza ndi mafosholo. Ine ndinganene kuti mubwereke makinawo, chifukwa silabu imafunika kuthiridwa tsiku limodzi, ndipo anthu akatopa masana amayamba kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke, pomwe madzi ochuluka ndiwo amafooketsa konkire.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi muyeso. Mmisiri akanena kuti 1:2:4 (muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, zonse zoyezedwa ndi chotengera chofanana), ambiri amamva ngati thumba limodzi la simenti, mawilibala awiri a mchenga ndi anayi a kwale, ndipo kumeneko ndi kulakwitsa kwakukulu. Wilibala imodzi yosasefukira imalowa pafupifupi matumba awiri a simenti a makilogalamu 50, choncho thumba limodzi limafuna wilibala imodzi ya mchenga ndi ziwiri za kwale, madzi osapitirira malita 25. Ndinaonapo khonde lina lothiridwa ndi muyeso wolakwikawu: chaka chisanathe, mayi wa pakhomopo akamasesa, tsache linkatuluka ndi mchenga, miyala n'kumaonekera pamwamba.

Mchenga ukhale wa mumtsinje monga Bua, osati wa kudambo wosakanikirana ndi dothi. Thirani pang'ono m'botolo la madzi, mukhutchumule, mulisiye usiku wonse; mukapeza matope ochindikala atakhala pamwamba pa mchengawo, musaugule. Simenti, kaya ya Shayona yopangidwa konkuno ku Kasungu kapena ina, muifinye ndi dzanja musanalipire, ndipo thumba lokhala ndi zibuma zolimba mulisiye.

Pothira, yambani mbandakucha dzuwa lisanakwere, ndipo konkire isinjidwe bwino ndi thabwa lolemera kapena vibrator (makina ogwedeza konkire) kuti mpweya utuluke. Ikangouma pamwamba, iphimbeni ndi masaka onyowa kapena pepala la pulasitiki, muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, pakuti ndi kutentha kwa Okutobala silabu yosiyidwa pamtetete imachita ming'alu, ndipo mphamvu yomwe imayembekezeka pa masiku 28 siyikwana.

Za anyamata ogwira ntchito ndikupemphani musaumire ndalama. Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, munthu osamva kanthu, n'kudzaona zilonda madzulo akuvula. Aliyense akhale ndi magambuti ndi magolovesi, wong'amba matumba avale chotchinga pamphuno, ndipo pafupi pakhale ndowa ya madzi oyera kuti simenti ikagwera m'maso atsukidwe nthawi yomweyo kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, kenako apite kuchipatala. Pasapezeke wolowetsa dzanja kapena fosholo m'makina akuzungulira, ndipo ana asayandikire pamalopo mpaka zida zonse zitachotsedwa.