Onyx amene ndinagulira bambo anga anali mwala woyera wopakidwa utoto

Achemwali, musanatumize ndalama kwa wogulitsa amene akukuuzani kuti chibangili cha amuna anucho ndi cha onyx weniweni, mwala wakuda wonyezimira uja, mufunseni kaye ngati angalole kuti mupukute mkanda umodzi ndi thonje loviika m'mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, chifukwa ine ndinakhulupirira mawu omwewo popanda kuyesa, ndipo amene anachita manyazi anali bambo anga.

Ndinawagulira chibangili cha mikanda yakuda bii ngati mphatso ya tsiku limene anzawo a kuntchito ankawatsanzika. Bambo anga si munthu wokonda zodzikongoletsera, koma anachivala chifukwa chinachokera kwa mwana wawo, ndipo anavalanso malaya oyera a manja aatali. Tsikulo kunatentha kwambiri. Ataimirira kuti alankhule anakweza dzanja popereka moni, ndipo ine amene ndinakhala pafupi ndinaona mzere wakuda utazungulira m'mphepete mwa mkono wa malaya, wina uli pakhungu penipeni ngati kuti awalemba ndi makala. Thukuta linali litasungunula utoto. Iwo sanadziwe kanthu kufikira pamene mnzawo wina anawapatsa kansalu, ndipo poyesa kupukuta anakoka chibangilicho, chingwe n'kuduka, mikanda n'kumwazika pansi pa mipando anthu onse akuona. Mkanda umodzi unapondedwa n'kusweka pakati, ndipo mkati mwake munali moyera ngati choko. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti bambo anawerama, munthu wamkulu pa tsiku la ulemu wake, n'kuyamba kutola mikandayo umodziumodzi n'kumaika m'thumba, poopa kuti ine ndingakhumudwe.

Wogulitsa uja nditamutumizira zithunzi anandiyankha kuti vuto linali thukuta la bambo anga, ndipo anawonjezera kuti mwala umachucha chonchi ukamachotsa zoipa m'thupi mwa munthu. Taganizani, munthu wakubera, wanyazitsa kholo lako, kenako akufuna kuti umuthokoze chifukwa cha bodza lachiwiri. Nditamuuza kuti ndibweza katunduyo anasiya kuyankha, koma anapitiriza kulengeza zibangili zomwezo ndi mawu omwe aja akuti ndi onyx weniweni. Anthu otere amadziwa kuti wogula mphatso sayang'anitsitsa, popeza mtima wake umakhala uli pa munthu amene akumugulira.

Mikanda yotsalayo ndinapita nayo kwa mmisiri wa miyala yamtengo wapatali, amene anangokanda umodzi ndi nsonga ya mpeni n'kundionetsa ufa woyera. Iye ndi amene anandiphunzitsa za muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, woyambira pa 1 kufika pa 10 pamene pali dayamondi. Chitsulo cha mpeni wamba chili cha m'ma 5.5, pamene onyx ali pakati pa 6.5 ndi 7, choncho mpeni sungamudye. Nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri pa chibangili kuposa pa mkanda wa m'khosi, chifukwa dzanja la mwamuna limagunda tebulo, chitseko, chiwongolero ndi makiyi tsiku lonse, komanso fumbi lenilenilo limakhala ndi timchenga ta quartz tolimba kufika pa 7, timene timachotsa pang'onopang'ono kunyezimira kwa mwala uliwonse wofewa kuposa pamenepo.

N'chifukwa chake pa miyala ina yakuda yopangira zibangili, obsidian, ngakhale ndi wokongola, sindingamusankhire munthu wogwira ntchito zamanja. Ameneyu ndi galasi lachilengedwe lopangika chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira mofulumira, kulimba kwake ndi 5 mpaka 5.5, ndipo akabenthuka amasiya m'mphepete mwakuthwa moti angacheke khungu. Jet, amene anatchuka ku Whitby m'dziko la England makamaka Mfumukazi Victoria itayamba kuvala zakuda amuna ake atamwalira mu 1861, ndi mtengo wakalekale umene unasanduka ngati malasha, ndipo ndi wopepuka komanso wofewa kwambiri moti pamkono sachedwa kukandika. Mikanda ya lava, mwala wa chiphalaphala chouma, yokhala ndi timabowo tambirimbiri ija, imamwa thukuta, sopo ndi mafuta odzola, choncho imafuna kutsuka kawirikawiri. Pa hematite chenjerani kwambiri, chifukwa mikanda imene imamatirana yokha mwamphamvu ngati maginito ndi yopangidwa m'fakitale, pamene hematite weniweni akakhulidwa pa mbale yadothi yosapaka amasiya mzere wofiirira. Tourmaline wakuda ndi wolimba, 7 mpaka 7.5, koma nthawi zambiri amakhala ndi ming'alu mkati imene imatseguka akagundidwa. Wopambana onse kwa ine ndi spinel wakuda, amene ali pa 8, amanyezimira kwambiri ndipo kuda kwake n'kobadwa nako.

Komabe, ngakhale ndadandaula chonchi za utoto, ndikuuzani kuti mugule onyx, ndipo musadabwe mukamva kuti nayenso amakhala wodetsedwa ndi anthu. Onyx wakuda wambiri amene ali pamsika ndi mwala wa mtundu wa agate umene amauviika m'madzi a shuga kwa nthawi yaitali, kenako n'kuuika mu asidi amene amasandutsa shugayo kukhala kaboni wakuda ngati makala mkati mwa mwalawo, luso limene amisiri a ku Idar-Oberstein m'dziko la Germany anatchuka nalo m'zaka za m'ma 1800. Kuda kotereku kumalowerera mkati ndipo sikuchoka ndi thukuta, mosiyana ndi utoto wongopaka pamwamba pa mwala wofewa umene anandigulitsa ine. Wogulitsa woona mtima adzakuuzani yekha zimenezi, ndipo amene akulumbira kuti onyx wake sanakhudzidwepo ndi chilichonse ndi amene muyenera kumukayikira.

Chikafika m'manja mwanu, chigunditseni patsaya. Mwala umazizira ndipo umachedwa kufunda, pamene pulasitiki amapepuka n'kufunda nthawi yomweyo. Walitsani tochi pa mikandayo, chifukwa galasi lopangidwa nthawi zina limaonetsa timathovu mkati kapena kamzere ka chikombole. Yang'ananinso m'timabowo modutsa chingwe, popeza ndi mmene mtundu weniweni wa mwala umabisala, komanso bowo lokhala ndi m'mphepete mwakuthwa ndi limene limadula chingwe cha lasitiki. Mikanda ya mamilimita 8 imakhala bwino pa mikono ya amuna ambiri, ya mamilimita 10 ndi ya mkono waukulu, ndipo muyeze mkono wawo ndi ulusi n'kuwonjezera pang'ono kuti chisawathine.

Chibangili chachiwiri cha bambo anga ndinachigulanso pa intaneti, kwa munthu amene sindinamuonepo, koma amene analemba poyera kuti onyx wake ndi wodetsedwa ndiponso kuti amalandira katundu wobwezedwa. Chitafika ndinachipukuta ndi thonje lija, ndinachisiya usiku wonse pa nsalu yoyera yonyowa, ndipo ndinachivala ndekha kwa sabata yathunthu ndisanawapatse.