Apongozi abwera ku Nottingham, tipite nawo kuti?

Mayi wina wokhala ku Nottingham wandilembera imelo. Apongozi ake abwera kuchokera ku Zomba kudzaona kamdzukulu, koma atopa n'kubindikira m'nyumba, ndipo zoyenda m'mashopu alibe nazo chidwi. Akufunsa ngati kuyendera mapaki a nyumba zakale za anthu olemera a ku England n'kwaphindu, kapena n'kungotaya ndalama.

Achemwali, pitani nawo ku Newstead Abbey. Ili pafupi, makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa Nottingham, pamsewu wa A60 wopita ku Mansfield.

Poyamba malowa anali nyumba ya ansembe, yomangidwa cha m'ma 1170. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba zoterezi, banja la Byron linawatenga mu 1540, ndipo alendo ambiri amapitako chifukwa cha mlakatuli Lord Byron. Koma ine ndikukutumizani kumeneko chifukwa cha munthu wina. David Livingstone, atabwerera kuchokera ku ulendo wake wa mu Zambezi ndi mu Shire, anakhala m'nyumbayi kuyambira mu 1864 mpaka mu 1865 ngati mlendo wa William Webb, mnzake amene anadziwana naye kuno ku Africa. Buku lofotokoza za Shire, za nyanja yathu imene anafikako mu 1859, ndi za nkhanza za malonda a akapolo analilembera momwemo. Apongozi anuwo nkhani ya Livingstone anaiphunzira ku pulayimale. Auzeni zimenezi musananyamuke, muone mmene akayenderemo ndi maso ena.

Nyumba mukalowe, koma musathere nthawi yonse m'katimo. Kunja n'komwe kuli chokoma. Kamtsinje ka Leen anakatseka m'malo angapo n'kupanga madamu, ndipo tinjira timatsata madziwo mpaka ku dimba la Chijapani, komwe mumawoloka podumpha timiyala, madzi akudutsa pansi pa mapazi. Pamenepo agwireni dzanja achikulire, miyalayo imaterera kukagwa mvula. Khoma lakutsogolo la tchalitchi chakale likadali chilili, zenera lake lalikulu lili pululu lopanda galasi. Chapafupi pali chipilala cha manda a galu wa Byron, Boatswain, amene anafa mu 1808. Ndikudziwa kuti apongozi akagwira pakamwa poona manda a galu oposa a munthu. Asiyeni adabwe, ndi mbali ya ulendowo. Nkhanga zamaluwa zija, mapikoko, zimangoyendayenda pakapinga osaopa anthu.

Ngati mukwera basi ya ku Mansfield, dziwani kuti imakutsitsani pageti, ndipo kuchokera pamenepo kukafika kunyumbayo ndi mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Ngati apongozi amadandaula maondo, pezani galimoto. Polowa pamalipiritsa, komanso nyumbayo satsegula tsiku lililonse ngati mmene amachitira ndi paki, choncho yambani mwaona masiku pa intaneti. Avale nsapato zophwatalala ndi jekete lamvula ngakhale kunja kutawala.