Ma seagull amanga chisa padenga pathu, tipange bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Aberdeen, ku Scotland, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri pa naiti. Akuti ma seagull, mbalame za kunyanja, amanga chisa pafupi ndi chumuni cha nyumba imene akuchita lendi, phokoso likumayamba isanakwane 4 koloko m'mawa, akaweruka tulo osabwera, mwana wawo wa zaka 6 akukana kusewera panja chifukwa mbalame ina inamuzunguza pamutu, ndiye pano kamwana ka mbalameko kagwa kali kuseri kwa bini. Bambo akunyumba akufuna kubwereka makwerero akagwetse chisacho. Akufunsa ngati zimenezi n'zololedwa, nanga ngati ayi atani.

Sisi pepani kwambiri, kusowa tulo utagwira ntchito usiku wonse ndi chinthu chowawa, ndipo mantha a mwanayo musawatenge mopepuka. Koma abambowo muwauze lero lomwe asakwere padengapo. Kuno ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limateteza mbalame zonse zakutchire, mazira ake ndi chisa chimene chikugwiritsidwa ntchito, ndiye kuphwasula chisa popanda chilolezo ndi mlandu, munthu amatha kulipira chindapusa. Ku Scotland chilolezocho chimachokera ku NatureScot, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo amapereka pokhapokha pali chiopsezo chenicheni pa umoyo wa anthu komanso njira zina mutaziyesa kale. Phokoso lokha nthawi zambiri silikwanira.

Mwina mudabwa kuti akutetezeranji mbalame zodzadza tauni yonse. Zazikulu zija za msana wotuwa, miyendo yapinki ndi kadontho kofiira pamlomo, dzina lake ndi herring gull, ndipo zili pa Red List ya UK, mndandanda wa mbalame zimene zili pa chiopsezo chachikulu, kuyambira 2009 chifukwa m'mphepete mwa nyanja kumene zinkaswana kale zachepa kwambiri. Zabwera kutauni poti denga lili ngati thanthwe lalitali la kunyanja lija, nkhandwe sizifikapo, kumafunda, chakudya chili mbwee m'mabini.

Kumbukirani nkhuku ya anapiye kumudzi ikaona mphamba, kapena mwana akafuna kugwira kamwanapiye, mmene imafutukulira nthenga n'kumuthamangitsa. Zomwezo ndi zimene zikuchitika pakhomo panupo. Mbalameyo sikudana ndi mwana wanu, ikuona kuti akuyandikira kamwana kake kali kuseri kwa bini kaja. Ine kuno ku Brighton, ku England, chaka chatha ndinali ndi kamwana kotero pabwalo, kotuwa kamawangamawanga, miyendo italiitali, kankangoyenda m'mbali mwa mpanda kakulira tswii tswii, make ali pachumuni maso ali pa ine. Ndikatuluka ndi zinyalala imayamba kaye kuchenjeza ndi kulira kwapansipansi kuti gagaga, ndikapitirira imatsika n'kudutsa pafupi ndi mutu mpaka mphepo ya mapiko kuimva m'khutu, kenako imanyera, ndipo imalasa bwino zedi. Kumenya ndi mapazi kuchokera kumbuyo kumabwera komalizira. Ndiye mukangomva gagaga ija, bwererani kapena tsegulani ambulera, imalimbana ndi chimene chili pamwamba kwambiri. Mwanayo mumugulire ka ambulera kakekake ndipo mumufotokozere za nkhuku ija, ana amamvetsa msanga akadziwa chifukwa.

Kamwanako musakatole, musakapatse buledi kapena mkaka. Makolo ake amakadyetsa pansi pomwepo. Pokhapokha ngati kavulala, phiko likukhwekhwereka kapena kakutuluka magazi, imbirani Scottish SPCA, bungwe lopulumutsa nyama. Yakufa musaigwire ndi manja chifukwa cha chimfine cha mbalame chija. Bini isuntheni muike mbali ina, ndipo ngati pali chitseko china muzitulukira kumeneko masabata ochepawa.

Ndikuti ochepa chifukwa zimaikira mazira cha mu Meyi, kawirikawiri atatu, zimafungatira pafupifupi mwezi, ana amauluka akatha masabata 5 kapena 6. Kumapeto kwa Julayi kulowa Ogasiti ukali wonsewu umatha. Vuto ndi loti mbalamezi zimatha kukhala zaka zoposa 20 ndipo zimabwerera padenga lomwelo chaka ndi chaka, ndiye ntchito yeniyeni ndi ya pakati pa Seputembala ndi Febuluwale chisa chili chopanda kanthu. Lemberani landilodi panopa, pa imelo osati pafoni, ndi zithunzi, mumupemphe adzaitane akatswiri adzatseke mpata wa kuseri kwa chumuni ndi waya kapena timisomali toletsa mbalame kutera. Neti ikamangidwa mwachisawawa imakola mbalame n'kufera pomwepo, ndiye asangotuma aliyense. Kadzidzi wapulasitiki amagulitsa uja musataye naye ndalama, zimamuzolowera masiku ochepa.

Za chakudya ndiye tonse tili ndi mbali. Matumba akuda osawasiya panja usiku, bini izitsekeka bwinobwino, ndipo ngati pali neba amene amaziponyera zotsala mulankhule naye mwaulemu, ambiri amachita chifukwa cha chifundo. Mbalamezi n'zochenjera, ku University of Bristol anapeza kuti zimadziwa nthawi ya buleki pasukulu n'kumafika nthawi yomweyo, ndipo ku University of Exeter mu 2019 anaona kuti ukaziyang'anitsitsa zimazengereza kuyandikira chakudya. Ndiye mukamadya chipisi ku Aberdeen Beach khalani motsamira khoma, maso ali pa izo.

Pa nkhani ya tulo, gulani totseka m'makutu ta ku famase, tsekani windo la mbali ya chumuni, fani izilira pang'onopang'ono, ndipo ngati chipinda cha mwana chili kutali ndi chisacho sinthanani mpaka Ogasiti. Mudzandilembere landilodi akayankha, akakana ndidzakuthandizani kulemba kalata yachiwiri.