Kodi Amayi a Kunyumba za Mafumu Akale Anali ndi Mphamvu?

Funso: Akonzi, aphunzitsi athu a mbiri yakale anatiuza kuti m'maufumu olamulidwa ndi amuna, ntchito ya akazi a kunyumba yachifumu inali kubereka ana basi. Kodi zimenezi n'zoona? Ndine wophunzira wa ku Dedza.

Yankho: Aphunzitsi anuwo sananame, koma anakuuzani mbali imodzi yokha. Mu ufumu wa Ottoman, umene likulu lake linali Istanbul, mkazi sankaloledwa kukhala pampando wachifumu, komabe mayi wobereka mfumu, amene ankatchedwa Valide Sultan, ankaopedwa ngakhale ndi nduna zikuluzikulu.

Taonani nkhani ya Kösem. Iye analowa m'nyumba yachifumu ali kapolo, ndipo kenako anakhala mkazi wapamtima wa mfumu Ahmed I. Mwana wake Murad IV atalongedwa ufumu mu 1623 ali ndi zaka 11 zokha, mayiyu ndiye anayendetsa dziko kwa zaka pafupifupi 9. Popeza mwambo sunkamulola kuonekera pabwalo la amuna, ankalamula kudzera m'makalata opita kwa nduna yaikulu, ndipo m'makalatamo ankakambamo za malipiro a asilikali ndi za nkhondo, osati za kukhitchini ayi. Mu 1648 anavomereza kuti mwana wake wina, Ibrahim, achotsedwe pampando, n'kuikapo mdzukulu wake Mehmed IV, kamnyamata ka zaka 6.

Apa m'pamene panaonekera kuti mphamvu zakezo zinali zobwereka, chifukwa zinkadalira mwana wamwamuna amene ali pampando. Mehmed anali ndi mayi ake omubereka, Turhan, amene nawonso ankaufuna udindowo, ndipo mkangano wa apongozi awiriwa unatha mu 1651 pamene anthu a mbali ya Turhan anapha Kösem usiku pomukanyanga pakhosi m'nyumba yachifumu ya Topkapı.

Popeza mwalemba kuchokera ku Dedza, aphunzitsi anuwo mukawafunsenso za Nyangu wa ufumu wa Maravi. Kwathu kuno ufumu wa Kalonga unkatsata kuchikazi, kotero Nyangu sankapeza ulemu chifukwa chokondedwa ndi mwamuna monga anayambira Kösem. Iye anali tsinde la mbumba yachifumu ya a Phiri, ndipo wolowa ukalonga ankayenera kuchokera m'mbumba yakeyo.