Apongozi akukana LA, ati ndi mankhwala achizungu

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera imelo, akuti apongozi ake akadwala malungo amakana LA, amangowiritsa masamba a nimu poti zakuchipatala ndi zachizungu, sizidziwa thupi la munthu wakuda. Ndiye akufunsa kuti awauze chani.

Mayi, musalimbane nawo apongoziwo, penapake akunena zoona. Mankhwala ambiri omwe timalandira pawindo paja anachokera kutchire komweko. Kwinini, uja wowawa mpaka makutu kulira, ndi wa makungwa a mtengo wa cinchona wa ku Peru, ndipo mu 1820 anthu awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndi omwe anapatula mankhwala enieniwo m'makungwamo. Livingstone pofika kunyanja kuno mu 1859 ankamwa kwinini yemweyo asakudziwa n'komwe kuti wobweretsa malungo ndi udzudzu, zimenezo anadzatulukira Ronald Ross ku India mu 1897.

LA nayenso ndi mwana wa tsamba. Tu Youyou, mayi wa ku China, anawerenga m'buku lakalekale la asing'anga akwawo kuti chitsamba cha Artemisia annua ankachinyika m'madzi n'kufinya, osati kuphika ayi. Apa mpamene ine pamandisangalatsa, anazindikira kuti moto ukumapha mphamvu yake, atasiya zowiritsazo zinayenda, mu 1972 artemisinin, gwero la amodzi mwa mankhwala a mu LA, n'kupezeka, mu 2015 mayiyu n'kulandira Nobel. Mphika wa apongozi uja ukubwata mpaka madzi kuda bii, kaya mukutsala chani.

Nkhani yagona pa muyezo. Asing'anga amati kamweni kapu imodzi, koma kapu yake iti, ya tiyi kapena chikapu chotungira madzi mumtsuko? Kuchipatala mwana amayamba wakwera pasikelo, mapilitsi amawerenga malinga ndi makilo ake, m'mawa ndi madzulo masiku atatu, basi. Komanso mankhwala akasiya kugwira amavomera poyera, chloroquine tinamusiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, nayenso atafooka mu 2007 kunabwera LA. Ine chibadwire sindinamvepo sing'anga akulengeza kuti muzu wake watha mphamvu.

Ndiye akadzayambanso kunjenjemera, musatchule za LA. Apempheni mwaulemu mupite limodzi kuchipatala akayezedwe malungo, akangobayidwa chala, kadontho kamodzi ka magazi, mphindi 20 zisanakwane zotsatira zatuluka. Nimu uja angodikira kaye kunyumba.