Ma MAC address oyesera: yambani ndi 02

Achimwene, ndaona funso lanu. Mukuti mukufuna ma MAC address 40 oyesera DHCP server (imene imagawa ma IP address kwa makina a pa netiweki) kuofesi kwanu ku Avondale, ndiye mukufunsa ngati mungangolemba manambala alionse obwera m'mutu. Mutha kutero, koma pali chilembo chimodzi chofunika kusamala nacho.

MAC address ndi nambala yodziwitsa khadi la netiweki, ndipo imakhala ndi zilembo 12 za hex (0 mpaka 9 ndi A mpaka F). Chachiwiri kuchokera kumanzere chikhale 2, 6, A kapena E. Zikatero adiresiyo imadziwika kuti ndi yodzipangira, ndipo nthawi zambiri siifanana ndi za makampani omwe analembetsa magawo awo ku IEEE, bungwe logawa magawowa. Mukaika nambala yosagawika pawiri monga 1 kapena 3, imeneyo ndi multicast (adiresi ya gulu la makina, osati amodzi), Linux ikukanirani pomwepo. Ine ndiye sindidzivutitsa: ndimayamba ndi 02, zotsalazo kompyuta isankhe yokha, kenako ndimaika ndi lamulo la ip link set dev eth0 address, n'kulemba adiresiyo kumapeto kwake.

Ngati ndi ma virtual machine (VM, makompyuta oyendera m'kati mwa kompyuta ina), mapulogalamu ake ali kale ndi chiyambi chawochawo: QEMU imayamba ndi 52:54:00, VirtualBox 08:00:27. Asiyeni apange okha. Koma chenjerani pokopera makina! Ineyo zinandionekera. Ndinakopera VM imodzi, MAC osasintha, awiriwo n'kumalimbirana IP imodzi. Ping, yoyesera ngati makina akupezeka pa netiweki, imayankha, kenako zii, kenako n'kuyankhanso. Ndinasintha chingwe, ndinakwawa kunsi kwa tebulo kukagwedeza switch (kabokosi kolumikiza zingwe za netiweki), mpaka kunamizira magetsi, poti kuno ku Harare chilichonse chikavuta timathamangira kunena magetsi. Dzuwa linachita kulowa ndisanaone kuti switch ikuona adiresi imodzi uku ndi uku. Pa VirtualBox, pokopera sankhani kuti ipange ma MAC atsopano pa makhadi onse a netiweki.

Mukapanga 40 anuwo, alembeni m'fayilo limodzi ndi dzina la makina ake, muonetsetse kuti palibe obwereza. Asamasinthe nthawi iliyonse mukayatsa, apo ayi ma lease akale (ma IP omwe server inabwereketsa kale) adzaza pool yanu ya ma IP ndipo mudzaganiza kuti server ndiyo yolakwa. Mafoni nawonso musawadalire poyesera, chifukwa kuyambira Android 10 ndi iOS 14 amadzipangira MAC yachinsinsi pa Wi-Fi.

Zolemba m'malipoti kapena pophunzitsa anzanu, tengani pakati pa 00:00:5E:00:53:00 ndi 00:00:5E:00:53:FF, anapatulira zitsanzo basi. Ndipo zonsezi muchitire pa netiweki yanu yoyesera, osati pa Wi-Fi ya eni ake. Zikakanika tumizani zomwe ip link ikuonetsa, tione limodzi madzulo ano.